Maungu M'munda wa Chijapani

Ku Tottenham kuli bambo wina wachikulire amene amanyadira kamunda ka kuseri kwa nyumba yake. Amati anatengera nyumba zakale za ku Japan: uku kapinga wachingerezi, uku timiyala toyera ndi miyala ikuluikulu yoimika. M'mawa uliwonse amajambula timizere ndi reki, n'kumauza alendo kuti, "Iyi ndi nyanja, izo ndi zilumba."

Mu 2004 mlongo wake anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza. Tsiku lina bamboyo pobwera ku ntchito anapeza zilumba zonse zaunjikidwa kumpanda.

"Achimwene, mizere mumaitha, koma miyala yachuluka! Ndachotsa, ndakudzalirani maungu."

Bamboyo anangogwira pakamwa, mlendo sakalipidwa. Chilimwe chimenecho Amalawi akutchalitchi anadya nkhwani, ndipo aliyense ankamuuza kuti, "Tsopano mwayamba kulima, bambo!"