Anakwecha Katipoti ka Bambo

Ine sindisiya chikwama pampando, ngakhale m'tchalitchi. Ndikamapita kutsogolo kukalandira mgonero chimapita nane. Malemu amuna anga ankanditcha apolisi. Akamatsegula chitseko pochokera kuntchito ankafuula kuti, "Apolisi, ndine ndemwe, musawombere!" Ndinkawayankha kuti sekani, koma m'nyumba muno simunasowepo ngakhale supuni, ndipo si chifukwa cha mapemphero anu okha.

Tinabwera ku London ana athu akali aang'ono. Bambowo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mapeto ake tinakhazikika ku Barking, m'nyumba imene ndikukhalamo mpaka lero ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, ndi mdzukulu wanga, mtsikana wa ku sekondale.

Khomo loyandikana nafe kunkakhala mkulu wina wa ku China, wamasiye, wosayankhulayankhula. Chimene chinawagwirizanitsa ndi bambo chinali mpiru. Onse ankalima timabedi kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lina anapezana pampanda, aliyense akudabwa kuti mnzakeyo masamba amenewa anawadziwira kuti. Kuyambira pamenepo, bambo akakhala pa ofu ankawolokera kumeneko kukamwa tiyi. Ine ndinkasuzumira pakatani. Ndinkafuna kudziwa chimene amuna awiri, wina Chingerezi chake chodukaduka, angakambirane masana onse.

Mkuluyo atafooka, mwana wake anabwera kudzamutenga kuti akakhale naye kutali. Tsiku lotsanzikana bambo analowa m'nyumba atafumbata kanthu m'nsalu, akuyenda ngati anyamula dzira. Kanali katipoti kadothi, kokwana m'dzanja limodzi, kofiirira modera ngati chiwindi. Kunja kankanyezimira pang'ono ngati mphumi ya mwana wodzola mafuta. Mkati munali bii.

"Akufunanji kwa ife?" ndinafunsa.

"Wangondipatsa, mayi."

"Kungokupatsani? Kali ndi chiyani mkatimu? Taonani kudaku."

"Ndi tiyi ameneyo."

"Tiyi wanji wosachoka?"

Sindinakalole kugona m'nyumba. Kanakhala m'kashedi ka makasu mpaka nditaona kuti palibe amene wadwala kapena kulota zachilendo. Bambo sanakangane nane. Ankangopita kukashediko m'mawa uliwonse ngati akukazonda wodwala.

Katalowa m'nyumba ndi pamene anayamba kundiphunzitsa mbiri yake, monga anaimvera kwa mnzawoyo. Anaibwereza kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Akuti dothi lake limakumbidwa m'mapiri a dera limodzi lokha, pafupi ndi tauni yotchedwa Yixing, ndipo potuluka pansi limakhala ngati mwala. Amalisiya panja kuti mvula ndi dzuwa zilifewetse, kenako amalipera. Oumba ake samalizunguza pamakina ayi, amalipama ndi kathabwa mpaka likhale lopyapyala, n'kumalumikiza zidutswa ndi manja. Akuti kalelo anthu a kumeneko ankamwa tiyi wa ufa, wotakasa m'mbale, ndipo atayamba kunyika masamba athunthu m'madzi otentha ndi pamene timatipoti timeneti tinatchuka. Mbiri yake inafika mpaka kunyumba ya mafumu aakulu a dzikolo. Mafumuwo ankaitanitsa tawo, ndipo tina ankatikongoletsa ndi maluwa a utoto wowala.

"Ndiye aka ndi ka mfumu?" ndinafunsa, ndikuganiza kale zosintha loko wa chitseko.

"Ayi, apolisi, khazikani mtima pansi. Aka ndi ka pamsika. Koma dothi lake ndi lomwelo."

Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankalinena atakweza chala ngati mlaliki. Sopo asakakhudze. Dothi limeneli silimatidwa kanthu, ndiye limamwa chilichonse chimene mwaikamo. Mukamaphikiramo tiyi wa mtundu umodzi zaka ndi zaka, tiyiyo amalowerera m'dothimo. Mukamaliza mumangotsukuluza ndi madzi otentha, n'kupukuta kunja ndi kansalu, n'kukasiya kovundukula kuti kaume. Mnzawoyo anawauzanso kuti katipoti kakakalamba kwambiri, mukhoza kuthiramo madzi otentha okha, opanda tsamba ngakhale limodzi, n'kutuluka tiyi.

Zimenezo sizinandivute kumva. Ndinakula ndikumwa madzi a mumtsuko, ndipo ndikudziwa kuti nyemba za mumphika wadothi sizifanana ndi za m'poto. Koma sindinafune kuti aone kuti ndavomera msanga.

"Ulesi wa kutsuka mwaupezera mbiri," ndinatero.

Tsiku lina anandikokera kunyumba yosungirako zinthu zakale, m'kati mwa tauni. Tinakwera sitima ya District, ine chikwama pamiyendo, manja onse pamwamba pake. Kumeneko anandionetsa timatipoti ta dothi lomwelo, tili m'magalasi, nyali zikutiwalira. Ine ndinkayang'ana kwambiri mnyamata wina amene ankatiyandikira mopitirira muyeso. Bambo anaima nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Tonseti tili ndi ludzu," anatero. "Ndani anatithira madzi komaliza? Kathu kaja kali ndi mwayi."

Masana alionse amene anali pakhomo ankakhala patebulo la m'khitchini, pafupi ndi zenera loyang'ana kumpiru. Ankayamba kukathira madzi otentha mkati ndi kunja kuti kafunde. Kenako masamba, ochokera m'kachitini kolembedwa zilembo zimene tonse sitinkatha kuwerenga. Madzi oyamba ankataya. Achiwiri ankathira m'timakapu tiwiri tating'ono ngati zotsekera mabotolo, kamodzi n'kukankhira kwa ine. Wopanda mkaka, wopanda shuga.

"Uyu ndi tiyi kapena chilango?" ndinkatero.

"Imwani, apolisi. Mulibe poizoni, ndalawa kale."

Ndinkamwa. Poyamba ankawawa, kenako kukhosi kunkatsala kukoma kwina, ngati fungo la nkhuni zonyowa ndi mvula yoyamba. Sindinawauzepo kuti ndinkamudikira tiyi ameneyo. Iwo ankadziwa, chifukwa tsiku limene achedwa ankapeza ketulo itawira kale.

Tinamwa choncho mpaka mdzukulu amene anabadwa katipoti kali kale m'nyumba anafika ponditalikira.

Sitiroko inawagwira bambo kuntchito. Pamene ndinkafika kuchipatala anali atasiya kale kuyankhula, ndipo sanayankhulenso. Nditabwerera kunyumba, anthu asanayambe kufika, ndinalowa m'khitchini. Katipoti kanali pazenera, kovundukula, mmene anakasiyira. Ndinakanunkhiza. Anali iwo ndithu. Malaya awo ankanunkhira sopo wochapira ngati a wina aliyense, koma umu munali masana athu onse. Ndinaganiza kuti maliro akatha, anthu akabalalika, ndidzakhala pampando wawo, ndidzathiramo madzi okha, ndione ngati mnzawo uja ankanena zoona. Ndinkafuna kuti bambo andiphikire tiyi kamodzi kena.

Ndinakakulunga m'nsalu yake, n'kukabisa m'kabati ya m'mwamba, kuseri kwa ufa ndi mpunga. Sindinauze munthu. Mukauza anthu kuti kanthu aka musakakhudze, mwawauza kuti n'kamtengo wapatali, kapenanso mwawapatsa nkhani yoti mayi uja amasunga zinthu m'kabati. Anthu athu ndimawadziwa.

Maliro a kuno amatalika. Thupi limakhala kumochale, mapepala akuyenda pang'onopang'ono, ndipo masiku onsewo pakhomo pamakhala anthu. Anachotsa mipando pabalaza, nayala matiresi pakona, n'kundikhazika pamenepo. Namfedwa sagwira ntchito. Saloledwa ngakhale kudzitungira madzi. Ukati udzuke, manja anayi akugwira kale mapewa: "Khalani pansi, mayi, mukufuna chiyani, tikutengereni." Amayi a kutchalitchi analanda khitchini yanga. Ankabwera kuchokera ku Tottenham, ku Wembley, ena atavala yunifolomu, molunjika kuchokera pa shifiti. Ndikuvomera, anandigwirira ntchito. Koma ine amene ndimadziwa pamene pali supuni iliyonse ndinali pansi, chitseko cha khitchini ndikuchiona mwa theka, ndikungomvetsera makabati anga akutsegulidwa ndi kutsekedwa.

Linali Loweruka masana, nyumba itadzaza, nyimbo ili pakati. Mwana wanga anali atapita kukaonana ndi okonza za maliro. Kupyola nyimboyo ndinamva kukwecha. Khwee, khwee, waya wokwechera mapoto. Sikunali kulira kwa poto wachitsulo. Kunali kulira kouma, kogontha. Kenako fungo la bulichi linafika pabalaza.

Ndinayesa kudzuka. Amayi apampando a gulu la kutchalitchi, amene anakhala pambali panga, anandigwira dzanja.

"Limbani mtima, mayi. Ambuye akudziwa."

"Ndikufuna kukhitchini."

"Kukhitchini kuli anthu. Inu lero ndinu mlendo m'nyumba mwanu."

Ankayesa kuti chisoni chandizunguza mutu. Anandikokera pachifuwa pawo, nakweza nyimbo.

Posakhalitsa analowa mayi wina wachitsikana, wosamalira okalamba ngati bambo, amene bambowo anamuthandizapo kupeza ntchito. Anagwada patsogolo panga ndi thileyi. Pathileyipo panali kapu yaikulu, buledi, ndi katipoti ka bambo. Kanali katatuwa ngati mwendo wa m'chilimwe. M'mbali munali mizere ya waya.

"Amama, ndimafuna shuga m'kabati, ndiye ndapeza kakang'ono aka, kokwana munthu mmodzi. Koma mmene kanadera mkati! Ndati ayi, adadi athu ankamwera m'zotere ife tilipo? Ndakanyika mu bulichi kuyambira m'mawa, ndakakwecha mpaka dothi laoneka. Taonani, kangokhala ngati katsopano."

Wina kumbuyo anati, "Azibambo ukawasiya ndi ziwiya ndi choncho." Anthu anaseka pang'ono, kaseko ka pamaliro.

Mayiyo anathira. Munatuluka tiyi wa mkaka, wa timatumba, woyera mbuu, wa shuga wambiri. Maso ake anali ofiira ndi kulira, zala zitachita makwinya ndi madzi. Ankawakonda bambo. Anakakwecha mmene mayi ake anamuphunzitsira, mmene inenso ndinaphunzitsira mwana wanga, kuti chiwiya chakuda ndi manyazi a mkazi. Ndikanamunena chiyani pamaso pa anthu onsewo?

Ndinalira. Kuchipatala sindinalire chotero, ngakhale kumanda kumene. Amayi anandizungulira, ena akuti zayamba kumulowa tsopano, musiyeni atulutse. Mayi uja anagwadabe, atagwira kapu, akuti, "Imwani pang'ono, amama, mupeze mphamvu." Ndinamwa. Ankanunkha chipatala.

Titaika maliro, anthu atabalalika, matiresi atabwerera kuchipinda, ndinachitabe chimene ndinakonza. Ndinakhala pampando wa bambo, ndinawiritsa madzi, ndinathiramo okhaokha, n'kudikira. Ndinathira m'kakapu. Anali madzi oyera. Ndinalawa. Madzi, ndi kafungo ka bulichi kumapeto.

Mwana wanga anandipeza pamenepo. Nditamufotokozera anakhala pansi, nagwira pakamwa.

"Amayi, mukanangonena. Mukanandiuza ine."

"Ndikanakuuza, ukanauza apampando kuti asamale. Apampando akanauza gulu lonse. Bwenzi pano tikukafunafuna."

"Palibe akanaba, amayi."

"Iwe umawadziwa anthu kuchipatala, atagona. Ine ndimawadziwa ali chilili."

Mpaka lero amaganiza zake, inenso zanga.

Mdzukulu wanga amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi. Iyeyo ndiye anafufuza pafoni, n'kubwera kudzandiuza kuti katipoti sikanafe. Akuti tikawiritse m'madzi oyera kangapo kuti mankhwala atuluke, kenako tiyambirenso, ndipo pakapita zaka kadzadanso. Anayesetsa kunena m'Chichewa kuti ndimve bwino.

"Kazakhala bwino, agogo. Kazamwa tiyi kachiwiri."

"Kadzamwa tiyi wa ndani?" ndinamufunsa.



Tinakawiritsabe. Bulichi anachoka, mizere ya waya inatsala. Masamba a m'kachitini ka bambo atayamba kuchepa, mtsikanayo anajambula zilembo zija ndi foni, nakagula ena m'tauni. Akuti ndi omwewo. Kachitini n'kofanana, inde, koma ndani anaona zimene anaikamo? Ndimamwa poti palibe ena.

Mayi uja amabwerabe kudzandiona, amandibweretsera mpiru wa kushopu poti wa kuseri unafota. Sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Akafika ndimamulandirira pabalaza. Khitchini ndimakhoma.

Masiku ano mdzukulu akaweruka kusukulu amandipeza patebulo lija. Ndinayamba kumulola kuthira madzi, ine maso ali pa manja ake. Ndimamuuza kuti afunditse kaye, oyamba ataye, ndipo sopo asayandikire ngakhale ine nditafa, ngakhale abwere amayi a tchalitchi chonse. Amaseka, amati agogo ndinu apolisi. Anamva kwa agogo ake aamuna.

Akapita kukalemba za kusukulu ndimatsukuluza ndekha. Ndisanakaike pazenera ndimavundukula n'kununkhiza. Mkati mwayamba kuchita kachikasu pang'ono, ndipo kafungo ka tiyi kayamba kumveka. Ndi tiyi wanga ndi wa mwanayu. Wa bambo anapita ndi madzi a musinki Loweruka lija, ine ndili pamatiresi, ndikumva.