Chomera Chimene Chinasungunuka Masamba

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anamwalira ku Nsanje, ndipo amalume anga a Tomasi anabwera kudzanditenga. Tinakwera sitima mpaka ku Limbe. Ndinatsika ndikunjenjemera, poti kuzizira kotere ndinali ndisanakumvepo. Titafika kunyumba kwawo ku Soche, ndinasiya kuyankhula. Sindinachite kufuna ayi. Ndikatsegula pakamwa pankatuluka Chisena, ana a pamalopo n'kuyamba kuseka, ndiye mawu anangobwerera m'mimba.

Amalume ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Abwana awo posamuka anawasiyira bokosi lagalasi lokhala ndi tinsomba tofiira, ndipo analiika pabalaza. Pansi pake panali mchenga, ndi zomera zobiriwira zimene zinkakula m'madzi momwemo. Kwathu nsomba ndi ndiwo, choncho ndinkadabwa kuona munthu wamkulu akuzidyetsa. Akazi a amalume, amene tinkawatchula kuti aanti, ankati, "Nyumba ino tili ndi ndiwo zongoonera."

Loweruka lililonse amalume ankachotsamo madzi ochepa ndi kapaipi, osati onse. Madzi atsopano ankayamba agona m'ndowa kuti fungo la mankhwala a pampopi lichoke. Poti ine sindinkapita kosewera, ntchito yothira anandipatsa. Ndinkathira kapu imodzi, n'kudikira, kenako ina.

"Usafulumire, mphwanga," ankatero. "Kwa ife madzi ndi madzi basi. Koma izi zimawamva ndi thupi lonse."

Tsiku lina mnzawo wa ku Mulanje anawabweretsera chomera cha masamba aatali, chili m'pepala la shuga ndi timadzi ta kwawoko. Anachibzala pakona. Sabata isanathe masamba anayamba kubooka, kenako anafewa ngati therere, n'kumasungunuka limodzilimodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti inenso nditaonda kwambiri. Aanti ankandiphikira phala la nsinjiro, ine n'kumangolitakasa. Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, ndili pakhomo kusenda nandolo, ndinamva aanti akuyankhula ndi amalume pabalaza.

"Bambo a Gire, mwanayu kuno sikukumuyanja. Tim'bwezere kwawo asanatifere m'manja. Anthu adzatinena chiyani?"

Sanali munthu woipa, anali ndi mantha. Koma ine ndinkadziwa kuti ku Nsanje nyumba yathu anaitseka, ndipo kunalibe wondilandira ndi manja awiri. Ndinkafuna kunena kuti musandibweze, koma mawu anakana.

Amalume anangopitiriza kudyetsa nsomba zawo. Aanti zitawanyansa, anapinda mkono wa bulauzi n'kupita pa bokosi lija.

"Nachonso chinthu chanu chowolachi chiwononga madzi. Ndichizule."

"Chotsani masamba okhawo, mayi. Muzu muusiye."

"Chafatu ichi, simukuona?"

"Sichinafe. Masamba amenewo anaphukira m'madzi a ku Mulanje, sangapirire madzi a kuno. Chikuwataya kuti chitulutse ena. Mukachizula n'kuchisuntha chikayambiranso poyambira, ndipo pamenepo ndiye chifadi."

Aanti anawayang'ana nthawi yaitali, dzanja likudontha madzi.

"Kodi mukunena chomera kapena mwana?"

"Ine ndikunena chomera," anatero amalume. "Mwezi uno uthe kaye, tione."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka n'kuthamangira pakona paja. Panalibe kanthu, mchenga wokhawokha. Ndinkaopa kuti mwezi ukatha pali choncho, ndiye kuti ndikwera sitima. Loweruka ndinkathira madzi mosamala kuposa kale, kuopa kufukula mchengawo. Amalume ankandiona koma sanandifunse chilichonse, kapena kundikakamiza kuyankhula.

M'mawa wina, iwo akumanga nsapato kuti azipita kuntchito, ndinaona kansonga kofiirira ngati ka singano katatulukira pamchenga. Ndinapukuta galasi ndi diresi poganiza kuti ndi kachitsotso. Sikanasunthe.

"Amalume, chaphuka."

Mawu anga anatuluka osasa, ngati a munthu wachimfine. Amalume anabwera nsapato imodzi ili m'manja, n'kuwerama pambali panga. Aanti anaima pakhomo la kukhitchini atagwira ketulo. Sanadabwe mokweza, anangofunsa kuti, "Tiyi wako ndikuthirire mkaka?" Ndinati eya. Za ulendo wa ku Nsanje sindinazimvenso, ndipo ndinakhala ku Soche mpaka kukwatiwa.

Chaka chatha amuna anga anamwalira. Mwana wanga wamkazi ananditenga kukakhala naye ku Chirimba, ndipo kuyambira pamenepo zambiri zandichoka. Sindiimba, chakudya ndimangolawa, alendo akabwera ndimakhala kuchipinda. Posachedwapa ndinamva ana anga akugwirizana zonditumiza kwa mchimwene wawo ku Lilongwe, ati mwina ndikasintha malo ndipepukidwa. Amandikonda, ndipo mantha awo ndimawadziwa.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndinachiona ndi maso anga. Munthu akachotsedwa m'madzi amene anazolowera, zimene zimayamba kuoneka ndi zimene zikufa, ndipo zimene zili moyo zimakhala pansi posaoneka. Choncho ndinaitana ana anga, n'kuwauza kuti ndikudziwa kuti sindikuoneka bwino, koma asandisunthenso. Andisiye pomwe pano, azingondifunsa ngati ndikufuna tiyi.