Tcheyamani Wathu Anamwalira, Koma pa Intaneti Akadali Pampando

Lachiwiri lapitali mayi Muhiwa anandipeza mu ofesi ya bungwe lathu la alimi a tiyi ku Khwethemule, komwe ndine mlembi. Anaika kalata patebulo.

"Alembi, azungu ogula tiyiwa akulemberabe amuna anga. Kodi simunawauze kuti tinaika?"

A Muhiwa, tcheyamani wathu, anatisiya chaka chatha. Koma pa webusaiti ya bungwe akadali pampando, akumwetulira m'munda wa tiyi, keyala yawo ili pansi pa chithunzi. Manyazi anandigwira.

Mufunsa kuti bwanji osangochotsa? Webusaitiyo anatipangira mzungu wina wodzipereka, munthu wabwino ndithu. Anailemba m'chinenero cha makompyuta chotchedwa ColdFusion, n'kubwerera kwawo. Anyamata awiri a ku Blantyre anaiyang'ana n'kupukusa mitu. Wachitatu anaigwira, tsamba lonse n'kuzima mlungu wathunthu.

Tsono komiti inaganiza zopangitsa ina, ndipo Lachisanu kunabwera akatswiri awiri. Woyamba, mnyamata wa tayi, anati ailemba m'chinenero chotchedwa Java. "Mabanki akuluakulu akunja amagwiritsa imeneyi, mabwana."

Mawu oti "akunja" ife amatigonjetsa msanga.

Wachiwiri anali mayi wophunzitsa makompyuta pa Luchenza. Iye anati ailemba mu PHP. "Si yapamwamba kwenikweni ayi. Kungoti ine nditadwala, oidziwa muwapeza ambiri ku Limbe, ena ndi ana anga a sukulu."

Ine Java sindiidziwa, PHP sindiidziwa. Chomwe ndidziwa n'chakuti mlimi wa ku Nsabwe pogula njinga sayamba wafunsa za liwiro. Amafunsa ngati masipeya ake amapezeka pamsika. Nanga nzeru imeneyi imatithawa bwanji tikangoona kompyuta? Ndi mijigo ingati m'midzi mwathumu yomwe inafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi kochokera kutsidya kwa nyanja?

Ndinaimika mkono n'kufunsa kuti aliyense wa awiriwa akachoka, ntchito yake adzaigwira ndani. Atcheyamani atsopano anati ndisabwezere chitukuko m'mbuyo.

Java inapambana. Posaina mapepala, mnyamatayo anatiuza monyadira kuti tachita mwayi kumupeza, chifukwa mu Januwale akupita ku Joni kukayamba ntchito. Akomiti anamuombera m'manja.

Mayi Muhiwa abweranso Lachiwiri kudzamva yankho. Inu awerengi, ndikawauze chiyani?