M'mawa umene ndinkawerenga miyendo ya kangaude

Ndinataya mkazi, titakhala pabanja zaka ziwiri ndi theka. Ndinataya nyimbo za kwaya zimene ankayeserera akuchapa. Makina ake osokera anatenga alamu anga. Ndinatayanso nkhope yake ya tsiku lomaliza, ndipo iyi ndinataya ndekha.

Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kuno ku Mwadzama. Sabata imene mkazi wanga anamwalira, nkhungu zinali zitatuluka m'nyanja, ndipo maukonde a akangaude pakhonde pathu anada bii ndi tizilomboto. Akangaude ananenepa. Ndinkafuna mmodzi wamoyo kuti ana akamuone okha, poti chaka chilichonse amalemba kuti kangaude ali m'gulu limodzi ndi ntchentche. Si choncho. Ntchentche, udzudzu ndi nkhungu zili ndi miyendo isanu ndi umodzi, ndipo thupi lake lili ndi zigawo zitatu. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu, zigawo ziwiri, alibe mapiko kapena tinyanga. Abale ake ndi chinkhanira ndi nkhupakupa. Mkazi wanga atamva zimenezi anati, "Banja lonselo palibe ndi mmodzi yemwe woti n'kumupatsa mpando."

Lachinayi m'mawa ndinatenga botolo kukhitchini, n'kukhuthulira mchere umene unalimo m'mbale. Ndinagwira kangaude wamkazi, wamimba yaikulu, wamawanga achikasu. Nditakweza botololo padzuwa ndinaona ngati mwendo umodzi palibe. Ana akanawerenga isanu ndi iwiri, phunziro lonse n'kuwonongeka. Ndinayamba kuwerenganso.

Tsikulo mkazi wanga ankapita ku Dwambazi kukaona mayi ake. Anaima kumbuyo kwanga. Ndinamva fungo la mafuta ake odzola, ndi chikwama chikukhula chitseko.

"Ndapita, aphunzitsi."

"Muyende bwino," ndinatero, maso ali pabotolo.

Minibasi imene anakwera inagubuduzika isanafike pa Dwangwa.

Miyendo ya kangaude uja ndimaikumbukira yonse isanu ndi iwiri, ndi ubweya wake womwe. Chitenje chimene mkazi wanga anavala sindichidziwa. Alamu anga, amene anakatenga zovala zake kuchipatala, amati chinali chobiriwira, ine ndimangovomera. Ndayesa masiku ambiri kutembenuka m'maganizo kuti ndimuone pakhonde paja, koma sindidziwa ngati ankamwetulira. Chimene ndinatsala nacho ndi mawu amene anaponya ali kale kumpanda, wakabaza akumuimbira belu:

"Botolo langa la mcherelo ndidzalipeze lotsuka!"