Nkhope ya abambo pakhoma la sukulu

Ndikukumbukira chaka chimene fodya wathu anauma m'chigafa popanda womusankha. Tinkakhala kwa Wimbe, ine ndili sitandade faifi, ndipo abambo anali atadwala kuyambira nthawi yowokera. Ankaswera pamkeka mumthunzi wa chigafacho akutsokomola, fungo la fodya wouma litadzaza bwalo lonse. Amayi anali oyembekezera. Palibe ankanena poyera, koma tonse tinkadziwa kuti mwana ameneyo mwina sadzaonana ndi abambo, ndipo m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Tsiku lina pamzere wam'mawa ahedi analengeza m'Chingerezi, monga ankakondera, za mlendo wobwera Lachisanu. Zambiri sitinamve, koma liwu loti picture tinaligwira. Wina atafunsa aphunzitsi athu, a Mwale, anangoyankha akuthamangira kwina kuti, "Eya, ndi wojambula zithunzi." Kwathu kujambula ndi kujambula basi, kaya ndi kamera kaya ndi khala lapamoto. Nkhaniyo inafika m'midzi dzuwa lisanapendeke.

Nditawauza abambo, anaitana amayi potchula dzina langa. "Amake Tiyanjane, mundichapire jekete ija."

Lachisanu amalume anamanga ng'ombe pangolo. Abambo tinawameta ndevu n'kuwaveka jekete, yomwe tsopano inali itawakulira ngati yobwereka. Tinadutsa m'minda ya mapesi a fodya okhaokha, fumbi likutilowa m'kamwa, amayi atawachirikiza kumsana. Kusukulu tinapeza kuti sitinali tokha. Azimayi anali atadzola mafuta mpaka zipumi kuwala, ndipo bambo wina anabwera ndi wailesi yake kuti nayo ioneke pachithunzi.

Mlendoyo tinamupeza atakwera padesiki, buluku lili utoto wokhawokha, zitini za penti zili pansi, akulemba mizere pakhoma la sitandade wani. Kamera analibe. Anamutuma kudzajambula zithunzi zophunzitsira ana: mtengo, mbuzi, mlimi ndi khasu lake. Anthu anaseka, ena anabwerera akulalata. Abambo sanaseke. Anangowerama m'ngolomo akusisita kolala ya jekete. Ndinali ndisanawaonepo ali ndi manyazi otero.

Amayi ndi amene anatsika, pang'onopang'ono chifukwa cha mimba, n'kupita kwa munthu wapenti uja. "Achimwene, bambo awa sadzabweranso kuno. Kodi mlimi mukujambulayo mwamupezera kale nkhope?"

Munthuyo anayang'ana m'ngolo, anayang'ana amayi. "Alibe nkhope, mayi. Akhale apa, asamagwedezeke."

Abambo anakhala pampando wa ahedi padzuwa, akumeza chifuwa kuti chisawasokoneze. Mphuno inatuluka yaikulu kuposa yawo, masaya wojambulayo anawadzaza dala, ndipo mlimi wake anagwira khasu atavala jekete yakutchalitchi. Abambo anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Wandinenepetsa. Zili bwino choncho."

Lolemba a Mwale, mwina chifukwa cha manyazi, anathera phunziro lonse pankhani yomweyi. Photograph, anatero, ndi chithunzi cha kamera. Drawing ndi cha pensulo kapena choko, painting ndi cha utoto, portrait ndi cha nkhope ya munthu, pamene picture ndi thumba lonyamula zonsezi. Tinabwereza mokuwa mpaka kalasi yoyandikana inadandaula. Pamayeso ndinakhoza onse, koma mawu amenewo sindinawakondepo.

Abambo anamwalira fodya asanapite kumsika. Mwanayo anabadwa m'nyengo yozizira, wamwamuna, ndipo anamutcha Masiye. Atayamba kulankhula ndinkamubereka kupita naye kukhoma kuja n'kumulozera kuti abambo ako ndi awo. Atayamba sukulu ankamenyana ndi aliyense wopukutira manja pamenepo. Ali sitandade thuu kunamveka kuti kukubwera alendo a kuboma, ndipo sukulu yonse inapakidwa laimu. Palibe amene anafuna kutilakwira, anthu ankangoyeretsa makoma. Masiye anafika kunyumba osalira, manja ali mbuu ndi laimu, zikhadabo zitathyoka.

Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba. Ana anga amajambula ngakhale mphaka akuyasamula, mawa lake n'kufufuta okha kuti foni yadzaza. Masiye wafika tsopano msinkhu umene abambo anafera. Mwezi watha ananditumizira chithunzi chake atasunga ndevu, pansi atalemba kuti, "Achemwali, kodi ndikufanana nawo?"

Ndinachikulitsa ndi zala, ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuyankha kuti akufanana nawo kwambiri. Sindinamuuze kuti inenso nkhope yawo inandichoka kalekale.