Tsiku Lomwe Tinaika Achimwene a Saidi

Ndinadzuka kusanache, mphepo ya mu Juni italowa mpaka m'mafupa. Amuna tinagona panja, pabwalo la nyumba ya achimwene anga ku Area 3, titazungulira chitsa chomwe chinanyeka usiku wonse. Kuseri kwa nyumba amayi anali atasonkha kale moto, akuwiritsa madzi a tiyi. Panalibe nyimbo. Ife Asilamu pamaliro timangopemphera chapansipansi, ndipo anansi athu achikhristu anakhala nafe chete, atafunda zitenje.

Achimwene a Saidi anali telala pakhonde la sitolo ina ku Old Town. Ndiwo anandilera bambo athu atamwalira, mpaka ndinapeza ntchito ya mu ofesi ku City Centre. Anatisiya dzulo lake madzulo, atavutika ndi khansa ya pakhosi.

Kutayera tinalowa m'nyumba kukasambitsa thupi, ine, mwana wawo woyamba ndi ashehe. Ine ndinagwira kumutu. Dzanja langa linakhudza mbali ya khosi yomwe inauma ngati thabwa, ndipo ndinalephera kuyang'ana.

Malo amenewo ndiwo anatipusitsa. Achimwene atamaliza chithandizo chowotcha chotupacho, khosi linakhalabe lolimba. Adokotala anati mwina ndi chipsera chabe, mwinanso matenda akubwerera, ndipo ndi manja sakanatha kusiyanitsa. Anatitumiza kukajambulitsa pa makina a MRI. Anatifotokozera kuti pali kajambulidwe kena komwe kamaona mmene madzi akuyendera m'minofu. Pomwe pali khansa minofu imathithikana, madzi sayenda bwino, ndipo pachithunzi pamawala mbee. Chipsera sichiwala choncho.

Ndinawaperekeza ndine. Anawagoneka, kuwaveka chinthu chonga khola kumutu, n'kuwalowetsa m'makinamo. Phokoso litangoyamba, achimwene analiza belu kuti awatulutse. Anatuluka thukuta lili kamukamu.

"Mpweya wandithera mmenemu," anatero. "Ndi chipsera ichi, ase. Tiye kunyumba."

Tinawanyengerera, koma anakana. Anabwerera pakhonde pawo, akusoka ndi kuseka monga kale, ndipo tonse tinayamba kukhulupirira kuti achira. Mvula inagwa n'kusiya. Mawu atayamba kusasa ndiponso kumeza kutavuta, anapempha okha kuti tibwerereko. Ulendo umenewo anagona duu, atatsinzina, milomo ikupemphera. Chithunzi chinatuluka chowala kuyambira kunsi kwa khutu mpaka pafupi ndi phewa. Adokotala anati chotupacho chazinga mtsempha waukulu, opaleshoni siyingathekenso.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, kudzaza mahema omwe tinamanga pabwalo. Ena anatsika minibasi pamsewu n'kuyenda wapansi, ena anaimika magalimoto mpaka kutseka geti la oyandikana nafe. Anabwera atelala anzawo, amalonda a mumsika, mwini sitolo yomwe ankasokerapo, ndi anzanga a kuntchito atavala majekete. Mayi wina yemwe sitinkamudziwa analira kwambiri. Pambuyo pake tinamva kuti achimwene ndiwo anamusokera diresi laukwati.

Masana tinakulunga thupi m'nsalu yoyera n'kuliika pa jeneza, machira omwe timanyamulira maliro. Amayi anatsala pakhomo monga mwa mwambo wathu. Alamu anga, akazi awo a malemu, anaima pakhonde akulu awo atawagwira pamkono, mpaka titakhota pangodya.

Titapemphera kumzikiti tinauyamba wa kumanda. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi mapepala. Tinkalandirana jeneza pamapewa, munthu kuyenda nalo pang'ono, wina n'kulowapo. Minibasi zinaima, makondakitala anasiya kuitana, ndipo bambo wina wogulitsa nthochi anavula chipewa. Jenezalo linali lopepuka moti ndinachita mantha. Achimwene anali munthu wathupi, koma miyezi yomaliza ankangomwa phala lamadzimadzi.

Kumanda ndinatsikira m'dzenje pamodzi ndi mwana wawo. Tinawagoneka chammbali, nkhope yoloza kumene timaloza popemphera. Dothi linali louma, lofiira. Ashehe anapemphera mwachidule, anthu n'kuyamba kubalalika.

Pofika madzulo nyumba inali zii. Mahema anali atapasulidwa, moto wa kuseri utazima, mphasa zitaunjikidwa pakona. Ndinapeza alamu atakhala okha pabalaza, nyali isanayatsidwe. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Alamu, mundiuze zoona," anatero. "Akanapirira m'makina muja ulendo woyamba uja, bwenzi lero tili nawo?"

Ndinafuna kuwauza kuti ayi, kuti mtima wawo ukhale pansi. Koma funsolo ndinali nditawafunsa kale adokotala, ndipo yankho lawo ndinalimva bwino.

"Adokotala anati mwina," ndinayankha.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Tsiku lija atabwerako osajambulitsa," anatero, "ine ndinawaphera nkhuku."

Tinakhala choncho mpaka kunja kunada. Palibe anadzuka kukayatsa nyali.