Chitsulo cha Kumwendo Kwanga

Chitsulo chija chinali ndi malamba achikopa, ndipo m'nyengo yozizira chinkaluma mnofu m'mawa uliwonse. Anandipangira ku misheni chifukwa ndinabadwa ndi mwendo wopindika. Ndikamayenda chinkalira kweche kweche, moti agalu a kwathu ku Kanakantapa ankandidziwa ndisanatulukire.

Chaka china kwaya ya sukulu yathu inkakonzekera mpikisano ku Chongwe, ndipo woyambitsa nyimbo ndinali ine. Ulendowo unali wa pa lole, ndipo ine ndinali ndisanakwerepo lole. Amayi ankapaka chitsulocho mafuta ophikira kuti chisakandichititse manyazi pagulu.

Aphunzitsi athu anali munthu wa tayi ngakhale pafumbi, wokonda Chingerezi kuposa ana. Liwu latsopano ankalitafuna sabata yathunthu ngati nzimbe. Mpaka lero sindinaonepo munthu wodzimva chonchija pa nzeru zobwereka.

Ulendo utayandikira, analemba pa bolodi liwu lakuti cumbersome. Anati ndi chinthu cholemera, chovuta kunyamula, chochedwetsa anthu, monga pulawo panjinga kapena thumba la chimanga chonyowa. Ataona kuti tangoti kukamwa yasa, anandiitana kutsogolo n'kundiuza kuti ndiyende kuchokera pakhomo kukafika pawindo. Ndinayenda, chitsulo chikulira.

"Mwaona ka? Iyi ndiye cumbersome," anatero akuloza mwendo wanga ndi choko. "Pa lole malo ni ang'ono. Vonse va cumbersome vizasala."

Anzanga anabwereza liwulo mokweza, inenso ndinabwereza nawo. Munthu wamkulu, wolipidwa kuti aphunzitse ana, anasowa chitsanzo m'dziko lonse la Zambia mpaka kuchipeza pa mwendo wa mwana! Chikhalirecho ng'oma yaikulu, yonyamulidwa ndi anyamata awiri, inali itapatsidwa kale malo, pamodzi ndi mpando wa ndalema wa aphunzitsiwo.

Ndinafika kunyumba ndikusangalala kwambiri, poti aphunzitsiwo anali asanandiitanepo kutsogolo. Ndinapeza amayi akutong'ola chimanga, ndipo ndinawafotokozera zonse, tanthauzo ndi zitsanzo zomwe. Manja awo anaima.

"Anakuyendetsa pamaso pa anzako?" anafunsa motsitsa.

Ndinavomera monyadira. Kenako ndinakhala pansi, n'kumasula malamba, n'kuyamba kuyeseza kudumpha ndi mwendo umodzi kuzungulira nkhokwe, uku ndikuimba nyimbo ya mpikisano. Amayi anatembenukira kukhoma. Ine ndinkayesa kuti chotsala pa ulendowo ndi chitsulo chokha.